Anasaina ndi Samora Yemwe, Mwaonatu

Mphekesera inabwera pa Vila Ulongué ndi mnyamata wochokera ku Joni. Ali pa baraka, botolo lachitatu lili m'manja, ananena kuti kunja kuli azungu ogula makalata akale osainidwa ndi atsogoleri, ndipo kalata imodzi yokha ingagule lole yodzaza mbatata ya kachewere, dalaivala wake yemwe. Sabata isanathe, tauni yonse inkanunkha fumbi la masutikesi. Amayi amene kwa zaka zambiri ankalalatira amuna awo chifukwa chosunga zinyalala kunsi kwa bedi anayamba kuwaphikira tiyi wamkaka.

Oyamba kutulutsa chuma anali aphunzitsi ena opuma ntchito. Anafika pamsika atavala jekete, pepala lili m'jumbo ya shuga, jumboyo ili m'jumbo inzake. Kuno pepala la munthu wamkulu salilandira ndi dzanja limodzi. Umayamba wapukuta manja pathalauza, kuvula chipewa, kulilandira ndi manja awiri, kenaka kuliloza kudzuwa uku ukugwedeza mutu, kaya kuwerenga umadziwa kaya sudziwa. Linayenda choncho kuchoka kwa wogulitsa tomato mpaka kwa wakabaza, aliyense akuti, "Komadi, dzanja lake ndi lomweli," ngati ankalemberana naye.

Pepalalo linali guia de marcha ya 1983, chilolezo choti mwini wake apite ku Tete kukaona azakhali odwala n'kubwerako msanga. Masiku amenewo sukanayenda ulendo wotere popanda kapepalaka, ndipo chaka chimenecho anthu opanda mapepala m'mizinda ankakwezedwa ulendo wa ku Niassa pa Operação Produção.

Agogo ena analiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, pepani, ine ndine mbuli. Koma dzanjali likufanana ndi la sekeletale wa Grupo Dinamizador uja ankasaina atatulutsa lilime. Yanga anandisainira nditamusiyira nkhuku."

"Agogo, inu mukunena wina. Uyu ndi Samora."

"Eya, mwina ankalemba mofanana."

Umu ndi mmene timanenera munthu wamkulu kuti akunama.

Amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo itakula mu 1986 anabwera ndi katundu wawo wosiyana: makadi a Malawi Congress Party, nkhope ya Kamuzu ili pomwepo. Mayi ena ali nawo mtolo womanga ndi mphira, chaka chilichonse khadi lake, pakuti popanda khadi anyamata a Yufi sankakulola kulowa mumsika, ndipo sankafunsa ngati ndiwe wothawa nkhondo. Lina anagulira mwana ali m'mimba. Mwanayo lero ndi bambo wa ana anayi, ndipo akufuna gawo lake poti khadilo ndi lake. Zolembedwa ndi cholembera pamakadiwo ndi dzina la mayiwo basi, chaka chilichonse kalembedwe kena, koma iwo akuti Ngwazi inali ndi zambiri zoganiza.

Katswiri wa onse ndi bambo wina wa ku Dómuè amene ali ndi kalata ya Eduardo Mondlane yothokoza malume ake chifukwa cha thumba la nyemba. Kalatayo ndi ya 1972. Mwana wasukulu atakumbutsa kuti Mondlane anaphedwa pa 3 February 1969 ku Dar es Salaam ndi bomba lobisidwa m'phukusi, bamboyo sanaphethire n'komwe.

"Iwe mwana, positi ya Apwitikizi unaiona? Munthu wophunzira ngati uja ankalemberatu deti loti kalata idzafikire."

Mwanayo anatumidwa kukagula mandasi.

Siginecha zenizeni za Samora zilipo, koma zili pa mapepala ngati pangano la ku Lusaka la pa 7 September 1974, kapena la Nkomati limene anasainirana ndi P. W. Botha pa 16 March 1984, ndipo mapepala otero sagona ndi mphemvu m'sutikesi ya ku Angónia. Dzanja limene linkalamula kuti uyende kapena ukhale linali la munthu wa m'mudzi momwemo, amene mwina munakanganapo naye za malire a dimba. Komanso nyumba zambiri zinapsa, ndipo wothawa usiku ankanyamula mwana ndi mphika, osati makalata. Makolo athu ambiri ankasaina ndi chala chachikulu, koma mzungu wogula zala sanamvekebe.

Ena anadandaula kuti mapepala awo alibe chidindo, pakuti kuno siginecha yopanda chidindo ndi zolembalemba za mwana. Mnyamata wa fotokope anaona mwayi. Tsopano amadinda chidindo chozungulira pa pepala lililonse lakale, n'kulimata pulasitiki, ndipo ukawonjezera kangachepe amaliviika m'tiyi kuti likalambe. Aphunzitsi aja anadinditsa kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo.

Wakabaza uja analibe sutikesi, choncho anatulutsa ndalama ya mameticais 20. Nkhope ya Samora ndi iyi, siginecha ndi iyi pambali pake, mukufunanso chiyani? Wina anayesa kunena chapansipansi kuti ndalama zimenezi zinayamba mu 2006, patapita zaka 20 Samora atafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo amasainapo ndi bwanamkubwa wa Banco de Moçambique. Anamuyankha kuti nsanje ndiyo imasaukitsa dziko. Ndalamayo inagulidwa mameticais 100 ndi bambo wa ku Dómuè uja, amene m'mawa mwake anakwera chapa kupita nayo ku Calómuè kukafunsa mtengo wakunja. Mmalawi wosintha ndalama pamalirepo anaitembenuza uku ndi uku, n'kumupatsa makwacha a mameticais 20, atachotsapo yake.