Ulemu kwa Mlembi Wosagona wa pa Chikale

Pali anyamata ena odziwa makompyuta, osayamika, amene akufuna kuti mlembi wathu atsekedwe pakamwa. Ati tsegulani squid.conf, mulembemo access_log none, muyatsenso Squid, basi. Kalanga ine! Wantchito wosadwala malungo, wosapempha malipiro, wosapita kumaliro, achotsedwe ndi mawu awiri?

Tiyerekeze loji ya m'mbali mwa mchenga wa Chikale, yomwe Wi-Fi yake imadzera pa proxy. Foni yanu siipita yokha pa intaneti. Imatuma Squid, pulogalamu yomwe inatuluka mu 1996, ndipo Squidyo, ikalandira uthenga pa khomo lake la 3128, imaulemba mu fayilo yotchedwa access.log. Bwana mlembi amene ndikuwatamanda ndi a access.log amenewa.

Khama lawo n'lochititsa manyazi alembi a misonkhano. Amalemba adiresi ya foni yanu, kumene munapita, kuchuluka kwa zimene munatenga, ndiponso ngati zinalipo kale m'nkhokwe, TCP_HIT, kapena zinachita kukatengedwa kutali, TCP_MISS. Nthawi sawerenga ngati ife. Iwo amawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, zomwe zimandipatsa ganizo loti ntchito anaiphunzira m'masiku a Ngwazi, pamene munthu unkayamba wacheuka usanatchule boma.

Mlendo wodikira Ilala yopita ku Likoma angauze mkazi wake kuti akuona za nyengo ya panyanja. Mlembi satsutsa. Amangolemba dzina la tsamba lobetcherapo mpira, n'kukhala phee.

Ndipo ali ndi mwambo. Masamba ambiri lero ndi otsekedwa ndi HTTPS, choncho zam'kati saziona. Ali ngati mayi wa nyumba yoyandikana nanu amene sanamve zimene munakambirana m'chipindamo, koma akudziwa khomo limene munalowa, kuti inali 2 koloko usiku, komanso kuti munachedwa kutuluka. Mufunanso ulemu woposa pamenepa?

Adani awo amati amadya kwambiri. N'zoona, mukapanda kuwachepetsa ndi squid -k rotate amanenepa mpaka disiki kudzaza, Squid n'kugwa, loji yonse n'kukhala opanda intaneti. Koma ndani wina amene amafera pantchito chotere? Enanso amatchula Data Protection Act ya 2024, ati zinthu za munthu zisasungidwe popanda chifukwa kapena kupitirira nthawi yoyenera. Chifukwa chilipo: bandulo ya mwezi wathunthu ikatha pa masiku ochepa, aliyense amakana, kuyambira wophika mpaka manijala, ndipo wodziwa amene anakoka mafilimu ndi mlembi yekha.

MACRA inazunzika zaka m'makhoti chifukwa cha makina ake a CIRMS, omwe anthu ankati ndi a ukazitape. Mlembi wathu ntchito yake amaigwirira kuseri kwa kauntala, pafupi ndi firiji ya mowa, ndipo alendo amachita kupempha okha pasiwedi kuti awalembe.