Ndinakasaka alembi, ndinabwerako ndi mtedza

Vuto langa ndi loti ndikadziwa kanthu pang'ono, ndimafuna mudzi wonse udziwe kuti ndikudziwa. Chaka chatha ine ndi mayi akunyumba tinachoka ku Bradford, komwe timagwira ntchito yosamalira okalamba, kupita kutchuthi ku Sicily. Tili ku Catania, ndinaona pamapu tauni yotchedwa Bronte, m'munsi mwa phiri la Etna.

"Amayi," ndinatero, "kwawo kwa Charlotte, Emily ndi Anne Brontë ndi kumeneku. Mawa tikaone nyumba yawo."

"Mwafunsa, abambo?"

"Ndifunsiranji? Paja ndinaphunzitsapo Chingerezi ine."

M'mawa tinakwera kasitima ka Circumetnea kozungulira phirilo. Njira yonse ndinali kuwalalikira kuti Jane Eyre, Wuthering Heights ndi Agnes Grey ndi mabuku omwe anatuluka chaka chimodzi, 1847. Ndinafika poloza miyala yakuda ya chiphalaphala pawindo n'kunena kuti ndiyo inkamupatsa Emily nkhani zoopsa zija. Mayi anangoti, "Kodi eti?"

Titafika ndinayamba kufunsa, theka Chingerezi theka manja. Aliyense akamva "Bronte" ankamwetulira n'kundilozera sitolo. Kumeneko amanyadira mtedza wobiriwira wa pistachio, ndipo amauthira paliponse: m'makeke, mu ayisikilimu, ngakhale mu pasta. Sitolo iliyonse yomwe ndalowa kukafunsa ankandilawitsa, ine mwamanyazi n'kugula. Dzuwa lili paliwombo, chikwama cha mayi chinali thoo, changa cha ndalama chili pululu.

Anatimasula ndi gogo wina amene anagwirapo ntchito ku England. Iye anati mu 1799 Mfumu Ferdinand inapereka dera la Bronte kwa Horatio Nelson, mkulu wa zombo zankhondo za Britain, pomuthokoza kuti anaiteteza. Nelson anakhala Duke wa Bronte, koma mpaka kufa sanapondeko. Bambo wa alembi aja, m'busa Patrick, anabadwira ku Ireland mu 1777 m'banja losauka la a Brunty. Atakaphunzira ku Cambridge anasintha kalembedwe ka dzinalo, ndipo ambiri amati ankasirira Nelson. Ana ake aja anabadwira ku Thornton n'kukulira ku Haworth, komwe banjalo linasamukira mu 1820.

"Nanga inu mumakhala kuti?" anafunsa gogoyo.

"Ku Bradford."

Anaseka mpaka kutsokomola. Thornton ili mu Bradford momwemo. Nyumba ya m'busa ya ku Haworth, yomwe pano anthu amakaonako zakale za banjali, ndi ulendo wa basi kudzera ku Keighley, ndipo mabasi ake olembedwa dzina la Brontë ndinkawaona popita kuntchito. Ine ndinakwera ndege, kenako sitima, kukasaka chinthu chomwe chili kuseri kwa nyumba.

Mayi sanakalipe. Anakhuthulira mtedza m'manja mwanga n'kunena kuti, "Idyani, abambo. Safunsa anadya phula, inu mwayi wanu mwadya pistachio."

Pobwerera anatulutsa foni n'kupeza kuti Bronte ina ili ku Ontario, ina m'mphepete mwa nyanja ku Sydney, zonse potengera Nelson, ndipo ina ku Texas, yomwe akuti ndiyo inatengera Charlotte. Ndinangoyamba kuti, "Ndiye ya ku Texas imeneyo…"

Kuyambira tsiku limenelo mapasipoti amasunga ndi iwo.