Wofunsa nayenso akudya phula ku Kafue

Kuyambira mu Epulo 2023, pamene boma la Zambia lidalola kuti wantchito atapeko 20 peresenti ya ndalama zake za penshoni za ku NAPSA asanapume pa ntchito, mwambi uja wakuti safunsa adadya phula ndayamba kuukayikira. Ndalamazo zitalowa, ena adaitanitsa galimoto ku Japan, ena adabweza ngongole za katapila, ena adazimaliza Lachisanu limodzi ndipo mpaka lero sadandaula. Koma anzanga ambiri adadzuka ndi matenda amodzi, ofuna poloti. Tsono poloti ya mu Lusaka masiku ano sigulidwa ndi munthu woyembekeza kutha kwa mwezi, choncho maso onse adaloza kummwera, ku Kafue, kumene minibasi imafika ola lisanathe ngati pa msewu palibe chipwirikiti.

Alamu anga ndi munthu womvera miyambi. Pa msika safulumira kupisa m'thumba. Amafunsa mtengo wa tomato, dera limene wachokera, ndi chifukwa chake dzulo adali wotsika. Tsiku limene ndalama zao zidalowa adandiimbira foni nkunena kuti, "Alamu, ine phula sindidya. Ndifunsa mpaka ndifike pa uchi."

Adayambira pa Facebook. Adalemba mzere umodzi wokha, kufunsa ngati alipo wodziwa poloti yabwino ku Kafue. Dzuwa lisanalowe zidadziwika kuti munthu aliyense m'dziko muno ali ndi poloti ku Kafue, kapena msuweni wake ali nayo, kapena abusa a msuweni wakeyo. Foni idalira mpaka pakati pa usiku. Padalibe ndi mmodzi yemwe amene adati sindikudziwa, ndipo apa ndi pamene mwambi udayamba kutsimphina. Akale adaupanga m'nthawi imene odziwa adalipo koma ofunsa ndiwo ankasowa. Lero wofunsa mmodzi amayankhidwa ndi khamu, ndipo onse akumutcha bosi.

Loweruka lina mu Okutobala ndidawaperekeza. Tidadutsa Chilanga, pomwe alamu adayang'ana fakitale ya simenti ndi maso a munthu amene wayamba kale kuwerenga matumba, tidadutsa pa geti yolipiritsa ya Shimabala, nkukatsika m'tauni ya Kafue. Ejenti adatipeza ife tisanamupeze. Adali mnyamata waulemu, nsapato zosongoka, faelo ya pulasitiki m'khwapa, mafoni awiri m'manja.

Funso loyamba lidali losavuta: polotiyo ili kuti? Yankho lake lidali ndi mtengo. Kuti muione pali ndalama yoonera, yolipiriratu, yosabwezedwa, ndipo takisi yopitira kumeneko mulipira ndinu. Ndidamuganizira Safunsa wa mu mwambi uja. Iye phula lake adadya laulere.

Pa chithunzi padalembedwa kuti poloti ili mphindi zisanu kuchoka pa tala, koma sadalembe kuti mphindizo n'za ndani. Takisi idayenda mpaka msewu udasanduka kanjira ka ng'ombe, dalaivala nkukana kupitirira, ife nkuyamba wapansi. Nsapato zosongoka zija zidatsogola osatopa.

Mnyamatayo ndimuchitire chilungamo: sadaname ngakhale kamodzi. Luso lake lidali lina. Ukafunsa za poloti, iye amayankha za tauni.

"Nanga madzi?" adafunsa alamu.

"Bosi, mungafunse madzi ku Kafue? Amene mwasamba m'mawa uno ku Lusaka achokera kuno."

N'zoona. Gawo lalikulu ndithu la madzi a mu Lusaka limapopedwa mu mtsinje wa Kafue, limayeretsedwa pa Iolanda, nkukwera m'mapaipi kupita ku likulu. Kungoti paipiyo siima panjira kufunsa ngati mwini poloti ali ndi ludzu.

"Magetsi?"

"Bosi, Kafue Gorge ndi kuseri kwa mapiri awo. Yakale ilipo, yatsopano ya mamegawati 750 ilipo. Dziko lonse limayatsa kuchokera kuno."

N'zoonanso, ngakhale mtengo womaliza wa nthambo za magetsi tidausiya pomwe takisi idabwerera. Ndipo chaka chotsatira, mu 2024, chilala chitaphwetsa madamu, a ku Kafue adagona mu mdima chimodzimodzi ndi a ku Chipata, mtsinje uli pakhomo.

Alamu adaponda pansi ndi chidendene. "Nanga nthakayi njolimba?"

"Bosi, mlatho wa njanji uja adamanga mu 1906. Mpaka lero sitima ikuwoloka."

Mlathowo udamangidwa pa madzi. Pambuyo pake tidadzaona kuti pa mayankho onse a tsikulo, limeneli ndi lomwe lidakhudzadi dera limene tidaimalo.

Tidafika pa funso la mapepala, ndipo apa alamu adabwera atakonzeka. Lamulo la malo la 1995 limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Chimene munthu umagula ndi ufulu wokhalapo, kawirikawiri zaka 99, ndipo umboni wake ndi taitolo yochokera ku unduna wa za malo. Malo ena ndi a mafumu, ndipo kuti asanduke a taitolo pamafunika chilolezo cha mfumu yaikulu, kenako khonsolo, kenako unduna. Kalata ya nyakwawa payokha si taitolo, ngakhale chidindo chake chitakula bwanji. Zonsezi alamu adazilakatula ali chiimire padzuwa. Mnyamata adavomera ndi mutu pa mfundo iliyonse, nkumaliza ndi kuti taitolo ili m'njira. M'mafaelo a maejenti muli mataitolo amene amati adanyamuka ku Lusaka kalekale, oti ngakhale akadayenda wapansi akadafika.

Malire a poloti adali chulu kuno, chitsa uko, ndi theka la buloko lopakidwa penti yofiira. Tikusakasaka ngodya yachinayi padatulukira bambo wina ndi khasu paphewa, natipatsa moni, natifunsa mwaulemu chimene tikufuna m'munda mwake. Ejenti adayankha foni imene sidalire.

Munthu wina akadabwerera kwao nkukagula firiji. Alamu ai. Adati funso silidalakwe, walakwa ndi woyankha, ndipo adasaka woyankha wina. Maloweruka adayamba kuthera ku Kafue. Ejenti aliyense watsopano adali ndi ndalama yake yoonera, takisi yake, ndi njala yake ya masana imene imathera pa nsima ya nsomba yolipira alamu. Adaonetsedwa poloti ya pa phiri yoti simenti ikafike pamutu. Adaonetsedwa ina pansi pa nthambo zikuluzikulu za magetsi, ejenti nkumati imeneyo ndiye mwayi, magetsi ali pafupi. Ina adaonetsedwa kawiri ndi maejenti awiri osiyana, pa mitengo iwiri yosiyana, ndipo eni ake adalinso awiri.

Kenako adaganiza kuti poloti ili ndi mafunso ambiri, bola nyumba yomangidwa kale. Adalowera ku Estates, dera limene kampani ya boma ya INDECO idamangira antchito pamene Kafue ankakonzedwa kukhala tauni ya mafakitale, nthawi ya Nitrogen Chemicals of Zambia ya feteleza, imene idatsegulidwa mu 1970, ndi Kafue Textiles ya nsalu. Kumeneko misewu idalembedwa kaye pa pepala anthu asanabwere, mitengo ya mango njaikulu, ndipo palibe wobwera ndi khasu kudzati pabalaza panu ndi m'munda mwake. Kuyambira 1996, mu nthawi ya Frederick Chiluba, nyumba zambiri za makhonsolo ndi za makampani a boma m'dziko muno zidagulitsidwa kwa okhalamo, zina pa mtengo umene lero sungagule nawo chitseko. Ambiri mwa ogula aja adatisiya, nyumba nkutsalira ana.

Imene adawaonetsa idali yabwino, ya zipinda zitatu, chimbudzi cham'kati, mpanda wa maluwa. Wogulitsa adali mzime wa m'banjamo.

"Eni ake ndani?"

"Ndine, bambo."

"Mudabadwa nokha?"

Kudapezeka kuti adabadwa asanu ndi awiri: wina ali ku Ndola, wina ku Johannesburg, wina adali ku chipinda chakumbuyo akumvetsera pa zenera. Lamulo la 1989 la chuma chamasiye limati munthu akamwalira osasiya wilo, nyumba imakhala ya mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo woyang'anira chumacho sangaigulitse popanda chilolezo cha khoti. Alamu adafunsa za khoti. Wa pa zenera uja adatuluka, ndipo zokambirana zidapitirira popanda ife.

Pa nkhani imeneyi ine sindiseka. Mzime uja si wakuba. Fakitale ya nsalu idatseka, ya feteleza idakhala zaka zambiri ikupuma movutikira, ndipo m'mabanja ambiri chimene chidatsala pa thukuta lonse la bambo ndi makoma amenewo. Ife a ku Lusaka timabwera ndi 20 peresenti yathu nkumauzana kuti Kafue ngotchipa. Ngotchipa chifukwa ntchito zimene adamangira tauniyo zidachepa. Fakitale ya zitsulo idabwera, inde, koma singalembe onse, ndipo achinyamata ambiri amadzuka kusanache kukakwera minibasi yopita komwe ife tikuthawa lendi. Mwayi wathu ndi tsoka la banja lina, ndipo funso limeneli palibe wogula amene amalifunsa, ngakhale alamu anga.

Pomaliza padapezeka poloti yopanda banga, m'dera lomwe lija tidayambira, pansi pang'ono pa munda wa bambo wa khasu. Taitolo idalipo yeniyeni. Alamu adakafufuza ku unduna, dzina nkugwirizana ndi la pa chiphaso cha wogulitsa. Saveya adabwera, adapeza mabikoni onse anayi. Malo osalala, opanda mwala, mtengo wofikirika. Kudatsala kulipira Lolemba. Pobwerera njala idawagwira, nkuima pa agogo ena amene amagulitsa zitumbuwa pomwe takisi zimabwererapo.

"Mwagula pansi paja, bambo?"

"Ndatsala pang'ono, agogo."

"Kodi bwato muli nalo?"

Agogowo adasiya beseni kwa mdzukulu nkuwatsogolera. Adawaonetsa dothi lakuda long'ambika ming'alu yolowa dzanja. Adafukula ndi chala cha kuphazi zigoba za nkhono za m'madzi zimene alamu adaziponda kambirimbiri osaziwerengera. Adawalozera khoma la nyumba yosamalizidwa ya pafupi, pomwe padali mzere wotuwa wowongoka bwino, wolekeza m'mawondo, woti palibe mmisiri adaujambula. "Febuluwale ana amagwira milamba pomwe mwaimapo. Mwini nyumba iyo adagulanso mu Okutobala."

Alamu adafunsa chifukwa chake palibe adawauza.

"Simudandifunse, bambo. Mumangodutsa ndi moni."

Ndiye mwambi uja ndiutani? Ndimafuna kuutaya, koma agogo aja adautola. Chimene ndikuona ine n'chakuti akale sadavutike kunena woyenera kumufunsa, chifukwa m'mudzi aliyense wokuyankha umakumana naye mawa pa chitsime ndi mkuja pa maliro. Akakunamiza, njira yake idali yodutsa pakhomo pako. Ejenti alibe njira yodutsa pakhomo pako. Ali ndi nambala, ndipo nambala imazima. Agogo adanena zoona chifukwa madzi akadzalowa m'nyumba, odzathandiza kunyamula matiresi usiku ndi adzukulu ao. Alamu adafunsa aliyense wonyamula faelo, wa mu ofesi ndi wa pa msewu, nkudumpha munthu yekhayo amene adalibe chowagulitsa choposa chitumbuwa. Mapepala amanena mwini wa malo, sanena komwe madzi amagona. Ndikadakhala wopanga malamulo, poloti ku Kafue ikadagulitsidwa mu Febuluwale mokha, wogula atavala jombo.

Tsono tiwerengere. Ndalama zoonera, matakisi, nsima ya maejenti, saveya, kufufuza mapepala a malo amene sadagulidwe: 20 peresenti ija idaonda. Ikuonda chomwecho, thumba la simenti lidakwera, malata adakwera, mapoloti nawo adakwera chifukwa cha anthu ngati alamu amene ankadzaza minibasi Loweruka lililonse. Ndipo pali mnzao wa ku ntchito, munthu amene sadafunsepo kanthu chibadwire. Iye adatsika minibasi tsiku loyamba, adaonetsedwa poloti imodzi cha ku Shikoswe, adalipira madzulo omwewo osaona ngakhale bikoni. Lero ali m'nyumba mwake, taitolo ili mu felemu pabalaza, akuweta nkhuku, ndipo Lachisanu amabweretsa mazira ku ofesi kudzagulitsa kwa alamu pa ngongole. Phula lake likuoneka kuti lidamukomera. Ndikudziwa kuti pa mmodzi wotere pali ena amene nkhani zao zili ku khoti, koma amenewo sabweretsa mazira, choncho sitiwaona.

Alamu akadali pa lendi. Koma kufunsa konse kuja sikudapite pachabe. Tsopano amadziwa Kafue kuposa madalaivala a takisi: komwe kumadikha madzi, komwe chitsime chimatulutsa msanga, poloti imene ili ndi eni ake atatu, nyumba imene ili ndi mwana ku Johannesburg. Anthu a ku ntchito kwao adayamba kuwafunsa, kenako a ku tchalitchi, kenako achilendo opatsidwa nambala ndi anzao. Adagula faelo. Foni yachiwiri akuti ndi ya ntchito chabe.

Mwezi watha nanenso ndidawaimbira, kufunsa ngati kuli kapoloti kouma koti munthu wa malipiro ngati anga angakwanitse. Adati kalipo kabwino kwambiri, mphindi zisanu kuchoka pa tala. Ndidafunsa kuti kali kuti.

"Alamu," adatero, "popeza ndinu apabanja, yoonera mulipira theka. Koma takisi ndi yanu."