Nthungululu kwa a Ndowa

Pa Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, timatamanda bwato, timatamanda matemba, ena amatamanda mphepo ikawabweza kumtunda amoyo. Koma a Ndowa, amene amagona kunsi kwa bedi, palibe amene amawaombera m'manja. Lero ndiwaombera ine.

Sindikunena ndowa yotungira madzi ija, yonyadira pamutu pa amayi, ayi. Ndikunena inzake yapulasitiki, yothothoka chogwirira, imene imakumbukiridwa pakati pa usiku m'mimba mukayamba kugunda ngati mabingu a mu Januwale. Amfumu milandu ina amaibweza, koma a Ndowa sanabwezepo mlandu. Masanzi amalandira, chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga amalandira, osakwinya nkhope n'komwe. Mwina poti nkhopeyo alibe.

Ukulu wawo unaoneka kumapeto kwa 2015, kolera atabuka panyanja ya Chilwa n'kugwira asodzi ogona m'zimbowera, timanyumba toyandama pamadzi, kumene madzi akumwa ndi chimbudzi n'chimodzimodzi. Nyanja yathuyi ilibe potulukira: mitsinje ya Likangala ndi Domasi imangothira, wotulutsa palibe. Mu 2016 kunabwera katemera wakumwa, mbiri yake inamveka mpaka kunja. Nanga amene ankachezera pansi pa bowo la bedi la odwala kolera, usiku ndi usiku, ndani anawajambula?

Komatu ndi akuluakulu a mwambo. Sanyamuka kupita kuchimbudzi asanathiridwe kolorini wamphamvu, wa 2 peresenti, pa katundu amene asenza. Akatero amakhala phee mphindi 15, ngati nduna yomvetsera mboni, kenako n'kukakhuthulidwa m'dzenje. Zovala, mphasa ndi pansi zimalandira wa 0.2 peresenti, m'manja wa 0.05. Mukasokoneza n'kusamba m'manja ndi wa a Ndowa, khungu likuuzani lokha. Mkulu wawo wachitsulo ntchitoyi anailephera kalekale, kolorini amamudya dzimbiri.

Chaka chomwe anadwala azakhali anga ndinaphunzira kuwatumikira. Magolovesi kunalibe, ndinavala majumbo awiri m'manja n'kumanga ndi mphira. Poipitsidwa ndinayamba ndapala ndi khasu, poti kolorini sagwira bwino pa zonyansa zowunjikana. Zitenje ndinati ndithamangire nazo kunyanja, mlangizi wa zaumoyo anandiimitsa panjira: "Achimwene, mukufuna mudzi wonse umwe azakhali anu?" Ndinabwerera mwamanyazi, n'kukaziviika kuseri kwa nyumba, kutali ndi chitsime. Azakhali anachira ndi Thanzi ORS ndi dilipi ya kuchipatala, ndipo pothokoza anatchula Mulungu, anamwino, ngakhale wakabaza amene anawanyamula. A Ndowa sanatchulidwe.

Pano apuma pantchito, ali chovundikira pafupi ndi chimbudzi, dzuwa likuwaotcha msana. Mwezi watha alamu anga anawaona kuyera kwake, nati awabwereke akasungiremo thobwa la chinkhoswe. Ndinawauza kuti bwanawo kuukwati sapita, ndipo ndinawabwereka poto.