Dimba la kuseri kwa nyumba

Kuno ku Mwanza mtengo wa manachesi umabereka ngakhale mwini wake ali ku Joni, ndiye munthu umadzinamiza kuti nthaka yotereyi singakane mpiru. Ukangogula kapaketi ka mbewu pa boma n'kukonza mabedi kuseri kwa nyumba, umayambiratu kuwerengera ndalama za ndiwo zomwe zitsale m'thumba.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi zonse zimayenda. Repu amabiriwira, chayinizi amatambasula masamba, ndipo aneba amene ankakudutsa osapereka moni amayamba kufunsa za ana. Moniwo umathera pa "tithyoleko pang'ono, achimwene".

Okutobala akafika madzi pachitsime amatsika, ndipo mwana womutuma kukathirira amamva mutu madzulo aliwonse. Nsabwe zimaunjikana kunsi kwa masamba. Ukazipopera madzi a nimu, zina zimangoona ngati wazisambitsa. Tomato naye ali ndi mdani wake, kambozi ka Tuta absoluta kamene kamalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya kali phee.

Koma katswiri weniweni ndi mbuzi. Imayamba ndi udzu wa mpanda womwewo, kenako repu. Mwini wake ukakamudandaulira amalumbira kuti yake sidya zamasamba, pomwe iyo ikubzikula pambali pake.

Wopirira mpaka tomato kupsa amapeza kuti mudzi wonse wakolola sabata yomweyo, ndipo pamsika mulu akungogulitsa motaya. Chimene chachita bwino koposa ndi bonongwe wa padzala, amene palibe anamubzala.