Romeo ndi Juliet Pabwalo la ku Highridge

Sewero la Romeo ndi Juliet, limene William Shakespeare analemba cha m'ma 1595, ndi nkhani yachisoni ya mnyamata ndi mtsikana a mumzinda wa Verona amene anakondana pamene makolo awo sankapalana moto. Likachitikira panja ku Highridge, dera la mayadi aakulu m'tauni ya Kabwe, chisonicho sichifika patali. Chimathera m'phwete.

Masewero a pamtetete si achilendo m'Zambia, pakuti Chikwakwa Theatre ya pa University of Zambia inkachita zimenezi kale m'zaka za m'ma 1970. Ku Kabwe holo ya masewero ilipo, Venus Theatre, koma achinyamata a kwaya amene akusaka ndalama za yunifolomu amasankha pansi pa mtengo wa mango, poti mthunzi sulipiritsa lendi.

Chikwangwani chimanena kuti zonse ziyamba 2 koloko. Zoona zake n'zakuti sewero limayamba mlendo wolemekezeka akafika, akakhala pa sofa wobwerekedwa kwa amayi a tcheyamani, ndiponso akamaliza "mawu ochepa". Kumbuyo kwake kumakhala a mipando ya pulasitiki, kutsogolo ana pafumbi. Amene amaona bwino kuposa onse ndi anyamata okhala pamwamba pa mpanda, omwe sanalipire ngakhale ngwee.

Shakespeare sananene chimene chinadanitsa banja la Romeo la Montague ndi la Juliet la Capulet. Oonera a ku Kabwe salola mkangano wopanda mutu, choncho wokonza sewero amauika: amayi a Romeo analandira ndalama za chilimba, mwezi wawo wosonkha utafika n'kuzimitsa foni. A Capulet amakhala a ku Highridge konko, bambo wopuma ntchito ya njanji amene amavala tayi ngakhale pothirira maluwa. A Montague amachokera ku Makululu. Zaka za Juliet, zomwe m'buku ndi 13, zimakwezedwa mwakachetechete kuti akhale wa ku koleji, apo ayi Romeo angagone kupolisi gawo lachiwiri lisanathe.

Gawo lotchuka la pakhonde la m'mwamba limavuta, chifukwa nyumba zosanja n'zosowa. Juliet amaima pa mgolo wophimbidwa ndi chitenje, mng'ono wake ataugwirira kumbuyo. Romeo amalumpha mpanda wa mabotolo osweka pamwamba, n'kukumana ndi galu. Galuyo ndi mwana wa giredi 6 wokwawa ndi maondo, ndipo kawirikawiri ndiye amaomberedwa m'manja kuposa aliyense. Kenaka Romeo amayerekeza Juliet ndi dzuwa. Ku Verona mwina kumeneko n'kuyamikira, koma kwa anthu amene akhala maola atatu padzuwa la Okutobala akudzikupiza ndi pulogalamu, ndi mawu ofunika kuwaganizira kawiri.

Apa m'pamene azimayi a mzere wachiwiri amatenga udindo wa alangizi. Iwo saona seweroli ngati nkhani ya chikondi, amaliona ngati mlandu wa ukwati wosatsata njira. Wansembe Laurence akamangitsa ukwati mobisa, mafunso amauluka: "Ba Romeo, shibukombe wanu ali kuti?" "Mbale munapereka kwa ndani?" "Abusa amenewa ndi a mpingo uti?" Chimene chimawapweteka mtima kwambiri si chinsinsicho ayi, koma kuti sipanakhale chilanga mulilo kapena kitchen party, kutanthauza kuti palibe amene anasoketsa chitenje chofanana. Mlezi wa Juliet, amene ankadziwa zonse osauza amayi a mwana, amazomedwa mpaka kumsika mawa lake. Wosewera wanzeru amayankha mafunsowo pomwepo, ndipo theka la nthabwala za tsikulo limachokera m'mayankho osakonzekerawa.

M'buku, kalata yodziwitsa Romeo kuti Juliet sanafe zenizeni inalephera kufika ku Mantua, kumene iye anali, chifukwa cha mliri. Masiku ano mwana aliyense angafunse kuti bwanji sanangomuimbira. Yankho limakhala lakuti magetsi anathima kuyambira m'mawa ndipo foni ya Romeo inatha moto. Pa sewero lonse, mfundo yokhayi ndi imene oonera amailandira popanda mtsutso.

Imfa imachitikira pamphasa, osati pansi, chifukwa makolo a ku Kabwe amalidziwa fumbi la mtovu limene mgodi unasiya utatsekedwa mu 1994. Mphasa komabe siletsa nyerere. Mtembo wa Juliet umayamba kugwedeza chala cha kuphazi, kenaka kudzikanda, ana n'kumakuwa kuti wauka. Romeo, amene wadikira mpata umenewu kwa milungu yambiri, amafa pang'onopang'ono, kugwa ndi kudzukanso, mpaka agogo ena atopa: "Mwanawe, ifa msanga, tikaphike!"

Magulu ambiri salola kuti zithere pamaliro. Awiriwo amatsitsimuka, ankhoswe amakhala pansi, ngongole ya chilimba imachotsedwa pa malowolo, ndipo onse amavina pamodzi ndi amene anaphedwa m'kati mwa sewero, Tybalt ndi Mercutio. Mlendo wolemekezeka amalonjeza thandizo limene "lidzatumizidwa". Msungichuma amawerenga za pakhomo, kuchotsapo za mafuta a jenereta ndi za mpando umodzi wothyoka, pamene Romeo ndi galu akunyamula sofa kubwezera mwini wake.