Batani la Save linamira ku Mangochi

Tinapita ku Mangochi kukakambirana za tsogolo la dziko kwa masiku atatu. Tsogololo tinalimaliza Lachitatu masana, chambo chisanatsike bwino m'mimba. Chinatsala ndi chija aliyense anabwerera koma palibe amachitchula pakamwa: alawansi.

Kale zinali zosavuta. Pepala linkayenda mzere ndi mzere, munthu n'kusaina, envelopu n'kulowa m'thumba la jekete mwakachetechete. Koma ofesi yathu inatukuka. Masiku ano mayi wa ku akaunti amalemba mayina m'pulogalamu ya pakompyuta, n'kudina batani la Save, ndalama n'kumagwera m'mafoni. Tsikulo laputopu ya mayiyo inali itatha moto, tchaja ataiwala ku Lilongwe. Bwana wamkulu, mwa kukoma mtima kwawo, anabwereketsa yawo, n'kulamula kuti ailumikize ku pulojekita kuti aliyense aone kuti palibe chachinsinsi.

Mayina 34 analowa bwinobwino. Langa analilemba molakwika, koma sindinadandaule poti nambala ya foni inali yolondola. Kenaka mayi anatsitsa mausi kuti adine Save.

Batani kulibe.

Windo la pulogalamuyo linali litapitirira pansi pa sikirini, ngati thalauzi la pakaunjika limene mwini wake woyamba anali chimzungu cha mamita awiri. Mutu unkaoneka, mimba inkaoneka, mapazi anali atamira. Mayi anagwira m'mphepete mwa windolo kuti alichepetse, linakana. Anapukusa kagudumu ka mausi, silinasunthe. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuvalanso. Batani silinabwere.

“Pali kavuto pang'ono,” anatero.

Sindinaonepo anthu akudzuka msanga chotere. Bambo wina amene anagona kuyambira Lolemba, amene ngakhale pa zokambirana za m'magulu ankangogwedeza mutu maso ali chitsinzire, anali woyamba kufika kutsogolo. Posakhalitsa laputopu inazingidwa ngati minibasi yofika pa depoti, ndipo aliyense anasanduka katswiri.

“Ndi vairasi imeneyo,” anatero wina. “Yanga inayamba chonchi.”

“Ayi achimwene, ndi netiweki. Kunyanja kuno netiweki imavuta.”

Wina anapendeketsa chivundikiro cha laputopu chakumbuyo, n'kusuzumira kumunsi, ngati batanilo lagwera kuseri kwa kiyibodi. Dalaivala, munthu wa nzeru za manja, anati vuto ndi pulojekita yaloza pansi kwambiri. Anatenga malipoti athu a masiku atatu aja, n'kuwaunjika pansi pa pulojekitayo. Chithunzi chinakwera mpaka kudenga, chili chodukabe mapazi. Komabe malipotiwo anagwirako ntchito, ndipo ndikukayika ngati adzagwirenso ina.

Mnyamata wathu wa IT tinamusiya ku Lilongwe chifukwa bajeti sinamukwane. Anamuimbira foni, n'kumuika pa laudi. Iye anafunsa funso limene anabadwa nalo: “Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?” Mayi wa ku akaunti anafungatira laputopu ngati mwana wodwala. Kuzimitsa kunatanthauza kuti mayina onse afufutika. Chipinda chonse chinakuwa kuti ayi, ndipo kameneka kanali koyamba pa msonkhano wonse kuti tigwirizane chimodzi.

Ndiime kaye ndinene chimene chinachitika, poti ndinadzachimva pambuyo pake. Sikirini ndi nsalu yolukidwa ndi timadontho, ndipo nsaluzi sizilingana. Malaputopu ambiri otsika mtengo, makamaka ogwiritsidwapo kale ntchito amene adzaza m'maofesi mwathu, ali ndi timadontho 1366 chopingasa ndi 768 chotsika. Wopanga pulogalamu nthawi zambiri amakhala pa chisikirini cha 1920 ndi 1080, kapena choposa apo. Akajambula windo lake, n'kulikhomera misomali kuti lisakule kapena kuchepa, kwa iye zonse zimaoneka bwino, malo n'kutsalako. Ali ngati telala wosoka suti ya kasitomala poyeza thupi lake lomwe. Telala wa pakhonde ku Limbe sangachite zimenezo. Amakuyeza, amasiyako kansalu m'chiuno kuti ukanenepa adzamasule. Wopanga pulogalamu wanzeru amachitanso chimodzimodzi: amalola windo kutambasuka ndi kukhwinyata, amaika kotsetserekera kuti zosakwana uzitsitse ndi mausi, ndipo batani lofunika amalimangirira kuti lizioneka nthawi zonse. Wathuyu sanatero. Ndikukhulupirira kuti laputopu ngati zathuzi anaiona komaliza ali pasukulu.

Koma ngakhale zinali choncho, pa laputopu ya mayi wa ku akaunti windolo linkakwana, mothinana ngati anthu anayi pampando wa minibasi, koma linkakwana. Nanga pa ya bwana linamira bwanji, sikirini zili zofanana?

Yankho linali ndi mtsikana wina wophunzira ntchito, amene anabwera kudzagawa mapepala ndi mabotolo a madzi. Anaima kumbuyo, akuyang'ana pakhoma, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Anazindikira kuti zilembo za pa laputopu ya bwana zinali zonenepa kuposa masiku onse. Windows imalola munthu kukulitsa zonse za pasikirini, kuchoka pa 100 peresenti kufika pa 125, kuti maso asavutike. Ukatero zinthu zimakula koma nsalu siikula. Timadontho 768 tija timagwira ntchito ngati 614 basi, ndipo chimene chili pansi chimamira. Bwana anakulitsa zilembo chifukwa maso ayamba kutopa, koma ofesi yonse imadziwa kuti bwana amaona ngati mphamba. Anatiuza okha kangapo.

Tsono taganizani. Mwana wa dzulodzuloli, wopanda ngakhale desiki, aimirire pamaso pa anthu 34 n'kunena kuti alawansi yachedwa chifukwa bwana saona? Ntchito akanaiyamba n'kuimaliza tsiku lomwelo. Mtsikanayo analeredwa bwino. Anapita chogwadira kwa mayi wa ku akaunti, n'kunong'ona: “Amayi, mwina pa Display pali chimene chinasuntha chokha.” Mawu akuti “chokha” ndi amene anapulumutsa aliyense. Mayi ananong'oneza wachiwiri kwa bwana. Wachiwiriyo anakhosomola, anakonza tayi, n'kuweramira kukhutu kwa bwana. Uthenga unakwera makwerero onse monga mlandu umayendera kwa amfumu, kudzera kwa nyakwawa.

Pamene uthengawo unali paulendo, katswiri wina anati tingodina Tab kangapo kenaka Enter, batani lidinika ngakhale sitikuliona. Zoona, zimatheka. Koma pafupi ndi Save pamakhala Cancel, ndipo palibe anafuna kuponya mkondo mumdima ndalama zake zili komweko. Anamukhazika pansi mwaulemu.

Bwana anaimirira. “Anzanga, ndakhala ndikuliganizira vutoli,” anatero. “Ndikuona ngati pa Display pali chimene chinasuntha chokha. Iwe mtsikana, tabwera udine pamene ndikuuze.”

Mtsikana anadina Settings, System, Display, bwana akumuuza chilichonse atadina kale. Anasintha 125 kukhala 100. Windo linafota, ndipo pansi pake panatulukira batani la Save, lili phee, ngati silinalakwe kanthu. Anthu anaomba m'manja. Mayi wina analuluta. Wa vairasi uja anati n'zimene ankatanthauza.

Chovuta n'chakuti mwambo umafuna bwana awerenge mayina asanavomereze, ndipo zilembo tsopano zinali ngati nyerere. Anayang'ana pasikirini, anabwerera m'mbuyo, anayandikiranso. Kenaka, pang'onopang'ono, anapisa dzanja m'thumba la m'kati mwa jekete n'kutulutsa magalasi amene palibe mmodzi wa ife anawaonapo. Tonse nthawi imodzi tinachita chidwi ndi nyanja. Ena anayamba kuyamikira makatani.

Mafoni anayamba kulira imodziimodzi, ndipo nkhope zinawala. Potseka msonkhano, bwana anati zimene zachitikazi zaonetsa poyera kuti ogwira ntchito akufunika maphunziro a kompyuta, ndipo analamula kuti pakonzedwe wekishopu ina ya masiku asanu ku Salima. Mfundo imeneyi inadutsa popanda wotsutsa.

Pobwerera ndinakhala pafupi ndi mtsikana uja m'basi, atanyamula pulojekita pamiyendo. Foni yake sinalire. Pa mayina 34 aja lake panalibe, chifukwa ophunzira ntchito salandira alawansi.